Pulofesa ndi Apongozi a Lazarous

Lole ya ogula nshawa inali kubwela Lachisanu masana, ndipo inali kufuna matumba 300. Pofika Loweluka madzulo tinali ndi matumba 120 okha.

Ine ndine Tasila Daka, wapampando wa kopaletivu ya azimai kuno ku Kaumbwe. Tilipo makumi atatu ndi awili. Timasonkhanitsa nshawa zathu pa shedi imodzi, kuswa, kusankha, ndi kusoka m'matumba. A Mwiya, amene amagulila kampani ya chiponde ya ku Lusaka, anali atandiuza kale pa foni: "Amai Daka, chaka chatha lole inabwelela theka. Ikabwelelanso theka, chaka chamawa ndidzakudutsani, ndikaima ku Sinda." A Mwiya saopseza munthu. Amanena kamodzi, kenaka amachita.

Azimai onse anali ndi yankho limodzi, lakuti tibweleke makina ena oswela. Ine sindinavomele, chifukwa makina amene tinali nawo anali atatiunjikila kale mulu wofika m'chiuno. Koma chimene chinali kutichedwetsa sindinathe kuchitchula. Ndiye ndinaimbila Sophia.

Sophia Chishala ndi Mubemba. Atate ake anali aphunzitsi, ndipo boma linawatumiza ku Nyimba ife tili giledi folo, ine ndikukhala kwa azakhali kumeneko. Tinakhala desiki imodzi mpaka giledi naini, pamene ine ndinalekela. Loweluka lililonse ndinali kugulitsa nthochi za azakhali pa siteshoni ya mabasi. Sophia sanali kugulitsa kanthu. Anali kukhala pa mwala ndi wotchi ya atate ake, kuyang'ana. Tsiku lina anandikoka chitenge nati: "Nonse muthamangila kuchitseko. A kuchitseko atsika okha. Iwe pita ku mawindo a kumbuyo, a kumeneko satsika chifukwa basi sichedwa." Ndinamaliza lichelo lonse pa basi imodzi. Azimai akuluakulu ananditukwana sabata yathunthu, kenaka nawonso anayamba kuima kumbuyo.

Atamaliza yunivesite anagwila ntchito pa fakitale ya sopo ku Ndola. Anamuchotsa patatha zaka ziwili chifukwa anauza bwana wake pamaso pa anthu kuti makina atsopano amene anagula sadzathandiza, popeza sopo anali kuchedwela pomata makatoni. Bwanayo anavomela patapita chaka, Sophia atapita kale kunja kukaphunzila. Anabwelako ndi udokotala wosachiza ngakhale chimfine. Tsopano zapita zaka makumi awili akuphunzitsa pa sukulu ya zamalonda ku Lusaka, ndipo ndi pulofesa. Ndinamufunsa kangapo chimene amaphunzitsa. Yankho limene ndinamva linali lakuti, "Ndiphunzitsa anthu kuona pamene zinthu zimaimila kudikila." Wafupikitsa mizele m'zipatala, ndi mizele ya malole pa malile a dziko. Ophunzila ake amamuopa chifukwa salola munthu kulemba kanthu asanaime tsiku lathunthu pamalo a ntchito, manja kumbuyo.

Ife a kum'mawa ndi Abemba ndife a chimbuya, kunyozana ndiye moni wathu.

"Iwe wakudya mbewa, wandikumbuka lelo?" anatelo atayankha foni.

"Ndamva kuti anyani munamaliza kudya ku Kasama, ndati ndikuitane udzalaweko nshawa."

"Wafuna chiyani? Iwe suimba foni pachabe."

Ndinamuuza zonse. Sanandimvele chisoni. Anangofunsa kuti tili angati, timatulutsa matumba angati pa tsiku, ndipo mulu waukulu uli pati. Lamlungu anakwela basi, anagona ku Petauke, ndipo Lolemba m'mawa anafika pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze.

Azimai anali atavala chitenge chofanana, nyimbo yolandilila alendo ili pakamwa. Sophia anawomba m'manja, anapeleka moni kwa akuluakulu, kenaka anapempha kampando. Anakhala pakona ya shedi ndi wotchi ndi kabuku. Anangonyamuka kamodzi kukamanga kansalu kofiila pa beseni imodzi ya nshawa, n'kubwelela pa kampando.

"Tasila, pulofesa wanuyu wabwela kudzaotha dzuwa?" anandifunsa amai Njobvu dzuwa litafika pamutu. Amai Njobvu ndi amene ali ndi manja achangu kuposa tonse posankha. Akamaliza beseni, ena amakhala asanafike pakati.

"Musiyeni, ndiyo ntchito yake."

"Ntchito yabwino. Mundifunsileko malo."

Kagwilidwe kathu kanali kotele. Makina oswela anali m'shedi, azimai anai akusinthana kupukusa. Osankha anali kukhala pa mphasa kuseli kwa shedi, pansi pa mtengo wa mango, kuchotsa zowola, zosweka ndi timiyala. Sikelo inali kutsogolo, pafupi ndi msewu. Kumeneko kunali Lazarous, mwamuna yekha pakati pathu, amene amayesa, kusoka ndi kusanja matumba. Wosankha akadzaza beseni anali kunyamuka, kuzungulila shedi, kukapeleka kwa Lazarous, kudikila kuti akhuthule, n'kubwelela.

Tsiku limenelo tinatulutsa matumba 28. Anthu atapita, Sophia anatenga kamtengo n'kujambula pansi.

"Beseni ya kansalu kofiila yatha maola asanu kuchokela pa makina kufika m'thumba. Pa maola asanuwo, manja a munthu aikhudza mphindi makumi anai. Nthawi ina yonse yangokhala. Makina anu alibe mlandu, ali ndi changu chopitilila. Chinthu chosowa pano ndi zala za osankha. Ndiye inu mutenga zala zimenezo n'kuzituma kukayenda ulendo ndi beseni pamutu, kucheza panjila, kuima pa mzele. Ndani anaika sikelo kutali chonchi? Anali ataledzela?"

Anaiika ndine. Ndinali ndisanaledzele. Lazarous ndi mkamwini m'mudzi uno. Anakwatila mwana wa amai Njobvu, ndipo amai Njobvu ali ndi ang'ono awo awili pa mphasa zomwezo, onse apongozi ake. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi sayang'anana, sakhala pafupi, akakumana panjila mmodzi amapatukila kuthengo. Ndinaika sikelo ku msewu kuti shedi iwabise. Mabeseni a amai Njobvu ndi ang'ono awo anali kuwanyamulila ena.

Zonsezi zinali pakamwa panga. Koma ndinayang'ana magalasi ake, wotchi yake, ndi kukumbukila kuti mkazi uyu amayankhula ndi anthu a masuti m'maholo a ku Lusaka. Ndinachita manyazi kumuuza kuti matani khumi ndi asanu a nshawa aima chifukwa cha apongozi. Ndinadziuza kuti ngakhale sikelo isunthidwe, pa masiku anai okha anthu adzapilila.

"Sindikumbuka amene anaiika," ndinatelo.

"Mailo, Lachiwili, tiisuntha. Ibwele pakati pa mphasa. Wosankha asanyamukenso. Lazarous azitenga yekha mabeseni odzala ndi kubweza opanda kanthu. Mapazi asanu ndi anai basi."

Lachiwili m'mawa Sophia anafotokoza bwino, ndipo azimai onse anati, "Inde, a Pulofesa." Palibe amene anatsutsa. Mlendo wophunzila chonchi sutsutsa pagulu. Ena anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nshawa.

Lazarous anatulukila pakona ya shedi atasenza sikelo. Amai Njobvu atangomuona anatembenuka n'kuyang'ana ku mtengo, chitenge kumutu. Ang'ono awo awili anachita chimodzimodzi. Lazarous anatula sikelo, anavula chipewa, anagwada, kenaka anakhala chofulatila mphasa. Munthu wofulatila saona beseni ikadzala. Azimai anayamba kumuitana, "Atate ake a Rachael, kuno!" Iye akanyamuka, kuti asadutse kutsogolo kwa apongozi, anali kuzungulila shedi yonse n'kutulukila mbali ina. Akayandikila mphasa yachiwili, amai Njobvu anali kusiya kusankha, kunyamuka, kukaima kuseli kwa mtengo mpaka atadutsa. Azimai atatu a manja achangu kuposa onse anathela m'mawa wonse akugwila chitenge. Ena onse anali kuluma milomo kuti asaseke.

Pofika masana tinali titasoka matumba asanu ndi atatu okha. Sophia anatseka kabuku kake n'kundiitanila kumbali.

"Munthu uyu ayenda mapazi 84 pamene pafunika asanu ndi anai. Si waulesi, waulesi sasankha njila yaitali. Aopa chiyani pa mphasa yachiwili?"

"Apongozi ake."

"Ati?"

"Amai Njobvu. Ndi awili aja ali pambali pawo."

Anavula magalasi. "Ndiye sikelo unaiika ku msewu ndiwe."

"Ndine."

"Ndipo dzulo madzulo unali kudziwa."

"Ndinali kudziwa."

"Tasila, unaona ngati kwathu kulibe apongozi? Amuna anga anatha zaka zisanu ndi chimodzi asanadye pamaso pa amai anga, ndipo ndi injiniya. Ukanandiuza kuti pakati pa shedi pali chitsa, kodi ndikanaseka chitsa? Ndikanachilambalala. Wandibisila chinthu chachikulu kuposa zonse pano, ndipo wataya theka la tsiku limene ulibe."

Ndinati, "Pali njila. Apongozi akapeleka nkhuku kwa mkamwini, manyazi amatha, amayamba kulankhulana. Nkhuku ndili nayo. Tichite lelo."

"Nkhuku ndi yako, koma mkamwini si wako. Tiye tikafunse eni ake."

Anauza Lazarous kuti apite kaye ku msewu akapume. Kenaka pulofesa wa ku Lusaka anagwada pa fumbi kutsogolo kwa amai Njobvu, azimai onse akuona.

"Amai, ndakulakwilani. Ndinawelenga mapazi, sindinafunse anthu. Ndakuchititsani manyazi pagulu."

Amai Njobvu anatsitsa chitenge. "Mwalakwa zoona," anatelo. Ine ndinatchula za nkhuku. Sananditembenukile n'komwe. "Nkhuku ndidzapeleka tsiku limene mtima wanga wafuna, ndipo idzakhala ya m'khola langa. Sindipeleka nkhuku chifukwa cha lole."

"Mwanena bwino," anatelo Sophia. Anatsegulanso kabuku. "Ndiye ndiphunzitseni, ndisalakwenso. Choletsedwa kwenikweni n'chiyani? Akakhala pafupi koma simumuona?"

"Ngati sindimuona, ndidziwa bwanji kuti alipo?"

"Mau ake mukamva?"

"Mau ndimva tsiku lililonse akamakalipila mbuzi zake."

"Manja ake akaonekela, akutenga beseni?"

"Manja ndi manja."

"Nanga mapazi?"

"A Pulofesa, mapazi ali ndi maso?"

Azimai anaphulika kuseka, ndipo Sophia analemba zonse mosaseka, ngati kuti akulemba muyeso wa makina. Kenaka anapita ku msewu kukafunsa Lazarous mafunso omwewo. Iye anawonjezela chimodzi: asatchulidwe dzina lake lenileni apongozi akumva, ndipo iwo asalankhule naye mwachindunji.

Ndinafunsa ngati sikungakhale kosavuta kubweza sikelo ku msewu n'kusankha azimai ena kuti azinyamula mabeseni. Sophia anati zimenezo zidzadya azimai anai, ndipo azimai anai ndi matumba asanu ndi awili pa tsiku, amene tinalibe. Kuchotsa Lazarous sikunatheke, chifukwa palibe wina amene akananyamula makilo makumi asanu tsiku lonse, ndiponso msoko wake ndi umene a Mwiya amaukhulupilila.

Masana amenewo tinadula mitengo isanu. Tinaizika pamzele pambali pa osankha, n'kumangilila mphasa zinai choimilila, kutalika kopitilila mutu wa munthu. Sikelo ndi Lazarous tinawaika kuseli kwa mphasazo, ndipo pansi tinasiya mpata wokwana beseni. Sophia anayesa mpatawo ndi beseni yodzala, anautsitsa pang'ono kuti mawondo asaoneke, kenaka anaitana amai Njobvu kuti ayang'ane ali chikhalile. Iwo anasuzumila uku ndi uku nati, "Apa pali kaboo." Tinatseka ndi thumba. Tsiku limenelo linatha ndi matumba 19. Tonse pamodzi anali 167, ndipo kunatsala masiku awili ndi theka.

Lachitatu Sophia anaimitsa makina oswela mpaka masana. Azimai anai opukusa makinawo anadandaula kuti makina oima ndi tsoka. "Mulu uli apawu ukwanila mpaka mailo," anatelo Sophia. "Khalani pa mphasa." Anakhala. Beseni ikadzala, mwini wake anali kuikankhila kwa mnzake, mnzake kwa wina, mpaka ilowe pansi pa mphasa zoimilila. Kumbali inayo manja awili anali kuikoka, ndipo posakhalitsa inali kubwelela yopanda kanthu. Palibe amene ananyamuka, kupatula kupita kuthengo.

Amai Njobvu anakhala pafupi penipeni ndi mpata, chifukwa mabeseni awo ndi amene anali kudzala msanga. Pakati pa iwo ndi Lazarous panali mkono umodzi ndi bango.

"Tasila!" anaitana, ine ndili kutali ku mapeto. "Auzeni atate ake a Rachael kuti mabeseni achedwa kubwela. Agona kodi?"

Ndisanatsegule pakamwa, kuseli kunamveka mau: "Amai Daka, auzeni kuti ndili kusoka, manja ndili nawo awili."

"Tasila, auzeni kuti awiliwo ndi ambili, ena agwila ntchito ndi limodzi."

"Amai Daka, auzeni kuti ndamva."

Sindinauze aliyense kanthu tsiku lonse, koma dzina langa linatchulidwa kuposa la Mulungu. Tinasoka matumba 48. Lachinai tinasoka 52. Sophia anasiya kampando, anamanga chitenge changa chakale, anakhala pa mphasa. Posankha nshawa anali wochedwa kuposa aliyense amene ndinamuonapo. Anali kunyamula njele imodzi, kuitembenuza, kuiganizila. Amai Njobvu anati zala zake zinathela pa choko.

Lole inafika Lachisanu dzuwa lili pamutu. A Mwiya anatsika, anayenda pakati pa milu akugwila thumba lililonse, anabwela kwa ine.

"291, amai Daka."

"Enawo ali m'njila."

"Ndinati 300. Sindingaime pano kudikila anthu akusankha. Ndiyenela kudutsa mapili a Luangwa kusanade."

Sophia ananyamuka pa mphasa, makoko a nshawa m'tsitsi. "Bambo, amuna anu akweza matumba angati pa ola?"

A Mwiya anamuyang'ana kuyambila kumapazi. "Mwina 150."

"Ndiye muli pano maola awili, mufune musafune. Ife titulutsa thumba pa mphindi khumi zilizonse. Asanu ndi anai ndi ola limodzi ndi theka. Simudikila munthu. Yambani kukweza."

"Amai awa ndani?" anandifunsa.

"Wosankha wathu watsopano. Ntchito saidziwa, koma kulankhula."

Anaseka pang'ono, anayang'ana wotchi, n'kukodola amuna ake anai.

Amunawo anali ndi changu kuposa chimene bwana wawo ananena. Anali kuthamanga ndi matumba ngati kuti muli thonje. Litatha ola limodzi ndi mphindi khumi, pansi panatsala matumba khumi okha, ndipo ife tinali tikusowabe awili. Kuseli kwa shedi kunali kumveka nshawa zokha zikugwela m'mabeseni. Ndinapita kwa Sophia.

"Masamu ako aphonyanso."

"Aphonya. Anandinamiza ndi 150 yake." Anayang'ana lole. "Tenti ndi zingwe ayamba kumanga kuti, kutsogolo kapena kumbuyo?"

"Kutsogolo."

"Ndiye kumbuyo kukhala kotsegula mpaka chingwe chomaliza. Bwelela pa mphasa, zala zako zifunika kuposa pakamwa pako."

Ndinabwelela. Thumba la 299 linakwela amuna akutambasula tenti. Anamanga chingwe choyamba, chachiwili, chachitatu. Dalaivala analiza injini. Amai Njobvu anakankhila beseni yomaliza pansi pa bango, n'kufuula osatchula Tasila, osatchula aliyense: "Yakwana iyo, sokani!" Kuseli tinamva singano ikuboola thumba. Lazarous analisenza yekha, anathamanga kuzungulila mbali imene apongozi sakanamuona, n'kuliponya m'lole munthu wa chingwe chomaliza ali chiimile kudikila.

A Mwiya anagwila msoko, anaukoka, sunasunthe. "Chaka chamawa, mwezi ngati uno," anatelo. "Mukonze 400." Anakwela, lole inapita.

Azimai anagona chagada pa mphasa, ena akuseka, ena akuwongola zala. Sophia anapita kukakhala pansi pafupi ndi amai Njobvu.

"Amai, ndipempha chilolezo. Ndifuna kukaphunzitsa za shedi ino kwa ophunzila anga. Maina sindidzatchula."

"Aja a masuti?"

"Omwewo. Ena ndi mabwana a mafakitale."

Amai Njobvu anatafuna nshawa imodzi yosweka, akuganiza. "Mukawauze. Koma musakayambile pa Lachisanu ayi. Mukawauzenso kuti Lachiwili munatisokoneza, tinasoka matumba 19."

"Ndikayambila pomwepo," anatelo Sophia. "Ndipo ndikanena kuti wapampando ananama."

"Zimenezo mulembe ndi zilembo zikuluzikulu," anatelo amai Njobvu.